Tochi Yofunsira Mbeta ya a Francisko

Zimene mwamva ku chigayo zija, zoti a Easter a kwathu ku Ndunde anaona amuna awo akuitana chithandizo ali pafupi kufa, iwo n'kuima pakhonde kumaseka ndi kuwatukwana kuti chitsiru, ndi bodza. Kuseka anasekadi. Mawu akuti chitsiru anatulukadi, ndipo anamveka mpaka kutsidya, pakuti a Easter akalankhula ngakhale mbuzi za mudzi wina zimadzutsa mitu. Koma nkhaniyo mwaimva mozondoka, ndipo amene anaizondotsa ndikuwadziwa. Ndiwatchula dzina tikafika pamenepo, asathawe.

Amuna awowo ndi a Francisko, aja a tochi. Mukati simukuwadziwa ndiye kuti m'Chiradzulu muno munangodutsa pa basi muli m'tulo. Anali munthu wamfupi, wa ndevu zogwera pakamwa ngati udzu wa denga lakale. Anzawo ankayenda ndi ndodo, ena ndi wailesi, iwo ankayenda ndi tochi pachingwe m'khosi, ndipo ankaiyatsa dzuwa likuswa mtengo. Mukakumana nawo panjira, moni wake kunali kukuwalitsani kumaso. Mukadandaula amvekere, "Ndimafuna ndione ngati ndi inu nomwe. Anthu masiku ano akusintha."

Pamsika wa Njuli ankawalitsa usipa mmodzimmodzi mpaka wogulitsa kutupa.

"Madala, ndi masana ano!"

"Masana ndi a iwe. Usipawu uli mumdima, taona maso akewo."

Munthu akayamba kunama pa bawo, a Francisko ankasendera pafupi n'kunena kuti, "Tayasamula." Kenako tochi kukhosi. "Ndikufuna ndione pamene zikuchokera." Kutchalitchi akatekisiti akatalikitsa ulaliki, kuwala kunkayamba kukwawa pakhoma kumbuyo kwawo, pang'onopang'ono ngati nalimata, kukafika pa wotchi n'kuima pomwepo. Akatekisiti ena atsopano anayesa kuwadzudzula panja. A Francisko anawayankha mwaulemu wonse, manja kumbuyo: "Aphunzitsi, Mulungu anayamba ndi kuwala. Ulaliki unabwera pambuyo."

Anthu ankati ndi misala, ndipo theka lake inalidi misala. Theka linalo anali a Easter.

A Easter sanabadwe ogontha. Malungo aakulu anawagwira pamene mwana wawo Bernard anali atangopita ku Joni. Anachira, koma makutu anatsala komweko. Tsono taganizani: a Francisko, munthu amene pakamwa pake sipankazizira, amene ankacheza ndi khasu lomwe, womvera wawo wamkulu n'kutsekeka ngati sitolo ya munthu wothawa. Poyamba ankakuwa. Nkhuku zinkabalalika, oyandikana nawo ankadziwa zonse za m'banjamo, kupatula mwini wake wa banjalo.

"Bambo a Bernard, musadzivute," a Easter ankatero ndi mawu awo aja osadziwa malire. "Anzanu ndimawamva ndi maso, ndimaona milomo. Koma inu pakamwa panu pali tchire, mano mulibe. Kaya mukuti madzi, kaya mukuti maliro, kwa ine ndi ndevu basi."

Kumeta anakana. Ankati ndevuzo ndi zimene zinawapezera mkazi. Ndiye tsiku lina anabwera kumbuyo kwa a Easter akusesa m'nyumba. Odi anachita, koma wakumva ndani? Atawagwira paphewa, a Easter anatembenuka ndi tsache n'kuwasesa kumaso mpaka diso kutupa. Kuyambira pamenepo a Francisko ankati akafika pakhomo, ankawalitsa pakhoma lomwe mkazi wawo wayang'ana. Ameneyo ndiye anali odi wawo. Zinazo, za usipa ndi akatekisiti, zinangomera pamwamba, poti munthu ukazolowera kulankhula ndi chala sulekanso.

Tochi yoyambayo inali yachitsulo, ya mabatire, yodziwa zinthu ziwiri zokha: kuyaka ndi kuzima. Nyumba yawo ili pamtunda, dimba lili kumunsi kutsidya kwa kamtsinje, ndipo ukaima pakhonde umaliona bwinobwino. A Francisko ankathirira mpiru ndi matimati mpaka chisisira, ndiye akafuna kanthu ankayatsa ndi kuzimitsa, a Easter n'kumawerenga. Vuto ndi loti a Easter masamu anathawa kalekale, ngati ine ndemwe amene ndinalekezera sitandade faifi aphunzitsi akundifunabe. A Francisko akapempha fodya, kunkatsika khasu. Akapempha madzi akumwa, kunkatsika mpando. Tsiku lina a Easter anatsetsereka mtunda wonse uja atasenza mphasa, n'kupeza amuna awo akungofuna kunena kuti kwacha bwino lero.

"Ine ndinathawa sukulu chifukwa cha kuwerengera," anakuwa ali m'kati mwa mpiru, "lero ndiziwerengera tochi?"

Mapeto ake mawu anatsala awiri: ndafika, ndi bwerani. Zaka zinapita choncho.

Kenako tochi ija inagwera m'chitsime cha kudimba. Anaivuula, anaiyanika padenga, anaipempherera, koma inali itapita. A Francisko anakhala chete mudzi wonse n'kuchita mantha. Loweruka lake anakwera kabaza, iwo njinga yawo, a Easter yawo, ulendo wa ku Njuli kwa Che Hamadi, Myao wogulitsa matochi, maloko ndi timasola, mnzawo wotukwanizana naye kuyambira unyamata.

"Che Francisko, mwalowa osandiwalitsa? Ndimayesa mzukwa."

"Tili pa maliro, Che Hamadi. Mnzanga wamira."

"Pepani! Ndani?"

"Tochi."

Che Hamadi anatulutsa ziwiri n'kuziika pa kauntala. Yoyamba inali yaikulu, yapulasitiki yachikasu. "Iyi ili ngati inu nomwe. Sinapite kusukulu, koma siisochera. Mukadina yayaka, mukadina yazima. Eya ndi ayi, basi." Yachiwiri inali kakang'ono, kakuda, kolemera m'manja, kotchaja pa sola. "Koma aka ndi kophunzira. Kali ndi kuwala kwamphamvu, kofooka, kophethira, ndi kofiira. Ndipo mumachita kukaphunzitsa. Mukakauza kuti ukadzuka uziyamba ndi chakuti, chakuti uzibisa, kamasunga m'mutu. Kuposa mwana wa fomu folo."

A Easter sanamve kanthu, koma anaona maso a amuna awo akuyaka kuposa matochiwo. Anatola yachikasu ija n'kuikumbatira.

"Iyi!" Anthu a panjira anacheuka, wa kabaza wina anatsala pang'ono kugwa. "Chinthu cha nzeru zambiri pakhomo chimavuta. Ndili nacho kale chimodzi!"

A Francisko anaweramira kwa Che Hamadi n'kuyamba kunong'ona. Kunong'ona, abale, pamaso pa munthu amene ngakhale bingu salimva. Zimene ananenazo anandiuza Che Hamadi okha, ndipo pondiuzapo sanaseke.

"Che Hamadi, munthu uyu ndakalamba naye. Kale tinkacheza mpaka mafuta kutha mu nyali. Lero mawu amene ndatsala nawo kwa iye ndi ndafika ndi bwerani. Ngati ndikulankhula ndi waganyu. Ndili ndi zambiri m'mimbamu, zikundiwola."

Che Hamadi anakankhira kakuda kaja kutsogolo.

Tsono a Easter anali ndi chawo chimene ankadziwa. Chaka chimenecho amuna awo anali atayamba kuima pakati pa mtunda wochokera kudimba, dzanja pachifuwa, n'kumanamizira kuti akuwalitsa nyerere. Kuchipatala anali atawapatsa timapiritsi ndi kuwauza kuti achepetse kunyamula kheni yothirira, iwo n'kuchepetsa timapiritsito. Ndiye a Easter ataona kuti mlandu wawagomera, anabweza yachikasu ija n'kugwira amuna awo pa kolala.

"Gulani choseweretsa chanucho. Koma Che Hamadi, mundimve. Munthu uyu akangodina kamodzi, kuzibwera kuwala koyera kwamphamvu kuja, ndipo tanthauzo lake likhale bwerani msanga. Sindifuna azisakasaka mabatani mtima ukumuthawa."

Che Hamadi anakaphunzitsa choncho, a Easter akuona ndi maso awo. A Easter anadina okha, kunabwera koyera, mtima wawo unakhala pansi, n'kutuluka kukakangana ndi a kabaza za ulendo wobwerera. Ndiye sanaone zimene zinatsatira.

"Tsopano kofiiraka," anatero a Francisko. "Mukabise kutali, kumapeto kwenikweni, koti munthu akakafike atatuluka thukuta."

"Bwanjinso?"

"Ndi ka ntchito yapadera. Sindifuna mwamuna wina adzabwereke tochi n'kundifunsirira mkazi mwangozi."

"Mkazi wanu angamufunsire ndani, ndi mawu amenewa?"

"Inu munayesa chaka chija, Che Hamadi. Musandiyasamulitse."

Anakabisadi. Kuti ukafike unkayenera kudina osasiya mpaka kaphethire, kusiya, kudina kawiri mofulumira, n'kugwiranso. A Francisko anaphunzira pomwepo, lilime lili panja, mpaka chala chinazolowera.

Madzulo ake a Easter ali pakhonde anaona kudimba kanthu kofiira kakuyaka ndi kuzirala, kuyaka ndi kuzirala, mofatsa ngati munthu wogona akupuma. Anayesa kuti ndi afiti atangofulumira. Amuna awo atakwera mtunda anawapeza atagwira mpeni.

"Chimene chija n'chiyani? Mukufuna chiyani, mpando?"

A Francisko sanayankhe ndi ndevu. Anavula chipewa n'kuchigwira pachifuwa, anapinda mwendo umodzi kumbuyo kwa unzake, anapendeketsa khosi ngati tambala woona chimanga. A Easter anayang'ana, anayang'ananso, kenako mpeni unagwa. Anali maimidwe omwe aja a pamsika wa Namitambo, tsiku limene mnyamata wamfupi wa tindevu tosakwanira anaima patsogolo pa mulu wawo wa nandolo osagula kanthu, n'kunena kuti: "Asikana inu, muli pabanja?"

Anaseka mpaka kukhala pansi. Kenako anadzuka, anatunga mpweya, n'kuyankha mudzi wonse ukumva:

"Ndili pabanja! Koma mwamuna wake ndi chitsiru!"

Basi, unakhala mwambo. Tsiku lililonse a Francisko akamaliza kuthirira, kofiira kaja kankayaka kudimba, ndipo pamtunda pankaphulika yankho. Ku Ndunde tinaleka kuyang'ana dzuwa. Azimayi ankauzana pa mjigo kuti, "Tiyeni, ndiwo sizinapse, chitsiru chatsala pang'ono kufunsira." Nkhuku za mudzi wonse zinkalowa m'khola ndi mawu amenewo. Mlendo wina wogula matimati anathamangira kukaleretsa, poganiza kuti banja likutha, tinachita kumugwira malaya.

Mawu ena anachulukanso. Kuwala kofooka kunali ndatopa, tenthetsani madzi. Kophethira msangamsanga kunali mbuzi za a Gertrude zalowanso mu mpiru. Kophethira komweko kanawapulumuka tsiku lina m'thumba la malaya kwaya ikuimba, oimba n'kuyamba kutsatira liwiro lake mpaka nyimbo ya Lenti inasanduka ya chinkhoswe. Koma koyera kamphamvu kaja, ka bwerani msanga, sanakayatsepo kudimba ngakhale tsiku limodzi. A Easter ankakayang'anira madzulo alionse, mtima uli m'mwamba, ndipo kofiira kakatuluka kuseka kwawo kunali ndi mpumulo m'kati.

Ndatchula a Gertrude eti? Eya, ndi omwewo. Oyandikana nawo nyumba, eni mbuzi, mayi amene amuna awo mawu okoma omwe anawauzapo chikwatirane ndi akuti mchere wakwana. Sindikuti anali oipa mtima. Kungoti kumva mnzako akufunsiridwa tsiku ndi tsiku, iwe ukusenda mbatata, kumawawa penapake.

Tsikulo kunali kotentha, kwa mu Okutobala kuja koti ngakhale agalu amayenda m'mbali mwa makoma. A Francisko anadzuka olemera thupi. A Easter anawabisira kheni, iwo anaipeza ndi tochi kunsi kwa bedi, n'kuwalitsa mkazi wawo kumaso mwachipongwe, ulendo. Madzulo a Easter anali pakhonde akusenda nandolo, a Gertrude ataima pambali kudzabwereka lichero. Kofiira kanayaka msanga tsikulo, dzuwa lisanalowe bwino, moti kankaoneka movutikira pakati pa nthochi.

"Taonani, lero wafulumira, njala yamupha!" anatero a Easter. Anaima, nandolo akugwa pachitenje, anaseka, n'kuponya yankho lawo lija ndi mphamvu zonse. Kenako analowa kukatenthetsa madzi osamba.

Madzi anatentha. Madzi anayamba kuzizira. Anatulukanso, n'kupeza kofiira kakupumabe pamalo omwe aja.

"Mwayankhidwa kale, bambo a Bernard! Bwerani, madzi akuzizira!"

Sikanazime, sikanasunthe. Masiku onse kankati kakayankhidwa kankazima, kenako kuwala kofooka kunkayamba kukwera mtunda. A Easter anaima pamenepo kuseka kukuuma pamilomo. Ndiye anayamba kutsetsereka, ndi maondo awo otupa aja, akukuwa mayina a amuna onse a m'mudzi. Anyamata a miyendo anawapitirira. Anawapeza a Francisko atakhala pansi, atatsamira nthochi, kheni ili chafufumimba pambali, tochi ili m'dzanja pa bondo, italoza kunyumba. Thupi linali lisanazizire, koma mwini wake anali atachoka.

Pa maliro nkhani inayambira kuseri, kumene azimayi ankaphika. A Gertrude anangoti, "Ine ndinalipo. Munthu akuitana ndi tochi, iwo akuseka, n'kumutchula chitsiru, kenako n'kulowa m'nyumba." Sanawonjezere, sanachotsere, anangosiya mwambo wonse uja panja. Ife a m'mudzi tinkadziwa, koma abale a malemu ochokera ku Namitambo sankadziwa, ndipo pofika kumanda nkhani inali itamera miyendo. Alamu awo a Easter anadutsa osawapatsa dzanja. Ena mwa ife omwe tinayamba kunena kuti, komabe munthu wanzeru akanazindikira kuti kuyaka kwa tsikulo kunali kwachilendo.

Ankaganiza kuti wogontha samva miseche. A Easter anakhala pa mphasa m'siwa, maso akuyenda pa milomo ya azimayi, ndipo liwu limodzi ankaliona likubwerabwera, pakuti ndi liwu limene ankalidziwa bwino kuposa onse. Sanalire. Zimenezonso anthu anaziwerengera.

Koma miseche sinali kanthu. Chimene chinawadya ndi choti iwo eni anakhulupirira. Dzanja la munthu wakufa silisankha, ankadziuza choncho. Limangofinya chilichonse. Munthuyo ankafuna kunena kuti bwerani msanga, chala chinaterereka, kachinthu kophunzira kaja n'kunena zina, ine n'kuseka, n'kupita kukasonkha moto. Madzi onse aja kutentha mpaka kuzizira, iye akundidikira. Ndikanaumirira yachikasu ija ya eya ndi ayi, bwenzi nditathamanga.

Bernard atafika kuchokera ku Joni, maliro ataikidwa kale, anafuna kuiponya m'chimbudzi tochiyo. Mayi ake anaimanga pa mfundo ya chitenje. Bernard anabwerera ku ntchito, anthu anabalalika, nyumba inatsala ndi munthu mmodzi amene analeka kudya ndi kukuwa komwe. Kwa nthawi yoyamba chikhalire tinkadutsa pakhomo paja osamva kanthu.

Chisisira china anakhala m'nyumba n'kumasula mfundo ija. Ankafuna aone kofiira kaja kamodzi kokha. Kaya kuti afunsidwenso, kaya kuti adzipweteke, sanadziwe okha. Analozetsa pakhoma n'kudina.

Koyera. Bwerani msanga.

Anazimitsa, anadinanso. Bwerani msanga. Anadina mofulumira, kanaphethira za mbuzi. Anafinya ndi zala zonse, anakagogoda pa bondo, anakagwedeza. Bwerani msanga. Ndatopa. Bwerani msanga. Khoma lonse linkawaitana, iwo atakhala pomwepo, mochedwa. Madzulo otsatira chimodzimodzi. Kofiira sikanabwere. Anaganiza kuti mwina kawonongeka, kapena kakuwakana monga anawakanira alamu awo.

Ndiye anakwera kabaza okha kupita ku Njuli. Analowa mu sitolo osapereka moni n'kukaponya pa kauntala.

"Che Hamadi, katundu wanu uyu. Wandiphera mwamuna, tsopano akundinyoza m'nyumba mwanga. Kofiira kaja akukana. Ndipatseni yachikasu ija, yopusa ija, imene ndinkaifuna."

Mwayi wake Che Hamadi ndevu zawo ndi za pachibwano pokha, milomo ili poyera. Anawayang'ana a Easter kumaso n'kulankhula pang'onopang'ono.

"Amayi, sikanawonongeke. Taonani."

Anadina osasiya, kanaphethira, anasiya, anadina kawiri, n'kuphonya. Kunabwera koyera. Mwini sitolo yemwe, amene anakaphunzitsa ndi manja ake. Anapukuta chala pa mkanjo n'kuyambiranso, modekha, akuluma mlomo. Ulendo uno kofiira kanatuluka n'kuyamba kupuma pa maloko ndi mabatire a pa shelefu. A Easter anagwira m'mphepete mwa kauntala.

Che Hamadi anazimitsa n'kuwapatsa. "Yesani."

Anayesa, momwe anaonera. Koyera. Anayesanso. Za mbuzi. Anayesanso. Koyera.

Pamenepo Che Hamadi anachita chinthu chimene sindidzaiwala, pakuti ndinali pakhomo pa sitoloyo ndi ena ondithandiza kusamala za eni. Bambo wamkulu, wa kofia kumutu, anatenga tochi ija, anatsinzina, anagwira pachifuwa, anadzigwetsera pa matumba a mchere n'kuyamba kuphupha ngati munthu wakufa, chala chikumenya kabatani mwachisawawa. Koyera, kuzima, koyera, kuphethira, kufooka, koyera. Anyamata a kabaza anayamba kuseka, wina n'kukuwa kuti Che Hamadi agwidwa ndi majini. Iwo sanaleke. Anafinya ndi chikhatho, anafinya ndi zala ziwiri, anaigwetsa, anaitola, anafinyanso. Kuseka kunatha kokha. Kofiira sikanaoneke ngakhale kamodzi.

Anadzuka, mchere uli pamsana, akupuma mwawefuwefu.

"Amayi, kofiira sikabwera kokha. Munthu amachita kupita kukakatenga. Anandiuza yekha kuti ndikabise."

A Easter anayang'ana milomo ija mpaka inatseka. Atalankhula, mawu awo anali aang'ono, oti sitinawamvepo chigonthere.

"Ndiye kuti koyera kaja anakadumpha dala."

Che Hamadi anagwedeza mutu kuvomera.

"Kanali poyambirira penipeni. Kudina kamodzi kokha." Mawu anayamba kukwera. "Ndinamugwira pa kolala mommuno! Kamodzi kokha, Che Hamadi, bwenzi nditathamanga! Chitsiru! Chitsiru cha munthu!"

"Ndi maondo amenewo, pa mtunda umene uja," anatero Che Hamadi, koma ananena atatembenukira ku shelefu, kuti milomo isaoneke.

Ndiye kulira kumene kunakana pa maliro kunabwerera mu sitolo ya maloko, tsiku la msika. A Easter anakhala pansi pa simenti, miyendo atatambasula, akutukwana mwamuna wawo ndi kumuitana dzina lake lenileni, Francisko, Francisko, limene sanalitchulepo pagulu chikwatiwire. Azimayi ogulitsa matimati anasiya milu yawo kudzakhala nawo. Ine amene pakamwa panga sipasowa chonena ndinapezeka ndikuwerenga mitengo ya maloko.

Atatonthola, Che Hamadi anatsitsa yachikasu ija n'kuiika patsogolo pawo, kuti asinthe ngati akufunabe. A Easter anaikankha ndi kuseri kwa dzanja.

"Imeneyo mugulitse kwa a Gertrude. Ine ndiphunzitseni aka."

Anaphunzira, ndipo akudziwa. Amakatchajitsa pa sola ya kwa aneba, amakapukuta, amayenda nako pa mfundo ya chitenje. Koma kofiira sakayatsa. Ndinawafunsa ndi manja chifukwa chake, anandiyang'ana ngati ndine mbuzi. "Funso limene lija si la mkazi kufunsa," anatero, mudzi wonse ukumva. Mawu abwerera, zimenezo tithokoze.

Zinazo sizinabwerere. Ulaliki masiku ano umafika pamene wafuna, ndipo akatekisiti omwe aja ndawaona akucheukira pakhoma kumbuyo kwawo, ngati akudikira wowaletsa. Usipa ku Njuli ukugulidwa mumdima. Pa bawo anthu akunama momasuka, kukamwa kuli yasa, wopenyamo palibe. A Gertrude akuti iwo sananenepo kanthu, anangofotokoza zimene anaona, ndipo mbuzi zawo zadya mpiru wonse popanda wozinenera. Choipitsitsa ndi chisisira. Dzuwa limalowa ngati mlendo wosatsazika, azimayi akupsereza ndiwo chifukwa chosadziwa nthawi, nkhuku zimazungulira pabwalo zosadziwa amene aziuze kuti kwada. Ndipo pamtunda paja pamakhala mayi mmodzi pakhonde, nandolo pachitenje, maso kutsidya kwa kamtsinje, kumene nthochi zimayamba kuda zisanade zina zonse.

Mukapitanso ku chigayo mukawauze chonchi, ndipo musawonjezere mchere. A Francisko sanaitane chithandizo tsiku lija: anafunsira mkazi wawo komaliza, ndipo anayankhidwa.